Mzere Wodulidwa pa Tsamba 41

"Adadi, zimene mumalembazi amawerenga ndani?"

Anafunsa choncho ndi Mwandida, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, chibwano atachikhazika pa mulu wa mapepala a bambo ake. Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Lameki, bambo akewo, anapitiriza kulemba.

"Pita ukasewere, mayi. Ndikuuza nthawi ina."

Yankho anali nalo, kungoti silinali loti n'kumuuza mwana. Kuntchito aliyense ankati mabuku a malangizo sawerenga munthu, ndipo iye anali atayamba kuvomereza.

Lameki ankagwira ntchito m'kabungwe kena ku Luchenza, kamene kanaika makompyuta akale m'sukulu za pulayimale khumi ndi zinayi. M'makompyutamo munali masewera makumi atatu ndi awiri. Sanali owomberana kapena othamangitsa magalimoto ayi, anali ovutitsa mutu: kudzaza manambala m'timabokosi, kulumikiza mapaipi, kuyatsa nyali m'zipinda. Opanga masewerawo anali kunja kwa dziko, ndipo ankasintha zinthu nthawi ina iliyonse osauza munthu. Ntchito ya Lameki inali kusamalira buku la malangizo la m'Chichewa. Batani likasuntha, iye asinthe tsamba. Lamulo likasintha, asinthenso. Folomu 4 anaimalizira kusukulu ya madzulo, masana akugulitsa m'sitolo ya mbewu, ndipo tsiku limene anapeza ntchitoyi anauza mkazi wake Esinala kuti tsopano wakwatiwa ndi wolemba mabuku. Chaka chitatha ankangoti ndi wosoka zigamba.

Chigamba chachikulu anachisoka mu Januwale. Bwana wake, a Kamwaza, anati buku la masamba 96 n'lonenepa kwambiri, alibweze pa 60 asanapite nalo kosindikiza. Lameki anadula kwa masabata awiri, apa chiganizo, apo chitsanzo, mpaka linakwana.

Madandaulo a kusukulu ankabwera ndi a Jailosi, bambo wa imvi zake amene ankazungulira sukuluzo pa njinga yamoto kumapeto kwa mwezi. Ankafika ndi chikwama chachikopa n'kuchikhuthulira pa tebulo la Lameki. Timapepala tambiri sitinkakhudza n'komwe bukulo. Kena kankati mausi yafa. Kena kankati aphunzitsi amasewera okha, ana akungoonerera.

Lolemba lotsatira, pakati pa timapepalato panali kamodzi konyowa. Kanali kong'ambidwa m'kope la masamu, kolembedwa ndi pensulo, zilembo zoongoka za mwana wosamala. Kankati: *Tsamba 41 likunama. Tayesa. Sizikutheka.* Dzina la sukulu panalibe. Lameki anakanunkhiza. Kanamveka fungo la matope a kumtsinje, aja otsala madzi akaphwa.

"A Jailosi, dzuwa lonseli mwagwera m'chithaphwi chiti?"

"Chithaphwi mu Okutobala? Mwina ndi thukuta langa, alembi. Inu mumangokhala pamthunzi, simungalidziwe."

Tsamba 41 linali la masewera otchedwa Milatho. Pagalasi la kompyuta pamaoneka tizilumba tozungulira, chilichonse ndi nambala yake, ndipo nambalayo imanena kuchuluka kwa milatho yoyenera kuchoka pa chilumbacho. Milatho isapingasane, ndipo pomaliza zilumba zonse zilumikizane, pasatsale chokhala chokha. Lameki anawerenga tsambalo kawiri. Zilembo zinali m'malo, mawu anali omveka. Anakafinya kapepalako n'kukaponya m'dengu la zinyalala.

Lachiwiri kapepala kaja anakapeza pa tebulo, kowongoledwa bwinobwino, kakadali konyowa.

Anafunsa amene anasesa. Panalibe amene anasesa, dengu linali ndi zinyalala zadzulo zonse kupatula kameneko. Atatsegula buku la mu ofesi kuti aonenso tsamba lija, anapeza kuti pa 40 pakutsatira 43. Pepala silinang'ambidwe ayi. M'mphepete mwake munatsala tinyenyeswa tofewa, ngati pepala lanyowa mpaka kuchoka lokha.

Masana magetsi anazima monga mwa nthawi zonse. Makompyuta onse anali zii, zitseko zili pululu chifukwa cha kutentha. Ndi pamene Lameki anamva kaphokoso kuchokera m'kachipinda kosungiramo zida zakufa. *Tha.* Kenako bata. *Tha.* Aliyense wogwira ntchito ndi kompyuta amakadziwa kaphokosoko: chala pa mausi. Sikanali kothamanga. Kanali ka munthu amene akuganiza kaye asanakanikize.

"Bwana, mukumva?"

A Kamwaza sanadzutse n'komwe mutu pa foni yawo. "Makoswe amenewo. Iwe maliza zosintha zija, anthu akunja atumizanso zina zisanu ndi zinayi."

Lameki analowa m'kachipindamo. Munali makatoni a nthambo ndi mausi zothyoka, fumbi lokhalokha. Mausi imodzi ya pamwamba inali ndi kadontho ka madzi pa batani la kumanzere.

Tsiku lomwelo poweruka, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, anadzera njira ya kuchigayo. Pamthunzi wa mtengo wa mango panaima mtsikana wa yunifolomu imene sanaionepo m'tauniyo. Nsapato anazinyamula m'manja, monga amachitira munthu wofuna kuwoloka madzi. Diresi inali itamatirira m'miyendo.

"Ndinu olemba buku aja?"

Lameki anaima. Kwa kamphindi mtima wake unakondwa, chifukwa chiyambire ntchitoyi panalibe amene anamufunsapo funso limeneli.

"Ndine. Umaphunzira kuti, mwanawe?"

"Tikudikirabe," anatero mtsikanayo, mawu ake otopa osati aukali.

Lole ya njerwa inadutsa n'kuwaphimba ndi fumbi. Lameki anatseka maso. Atatsegula, pamthunzi paja panalibe munthu. Panali dothi lakuda pang'ono, malo okwana mapazi awiri, likuuma iye akuona. Anayesa kukumbukira nkhope ya mtsikanayo mpaka kukafika kunyumba, koma chimene chinkabwera m'mutu ndi nsapato zokha.

Pabwalo anapeza Mwandida atanjuta pansi, akujambula ndi kamtengo. Anali atajambula tizilumba todzaza bwalo lonse, kuyambira pakhonde mpaka pa thandala la mbale, chilichonse ndi nambala mkati. Manambala ena anali olembedwa chagada, monga ankalembera masiku onse. Pakati pa tizilumbato panali mizere, yofufutidwa n'kujambulidwanso kangapo. Mwanayo anali asanakhudzepo kompyuta chibadwire.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Elufe." Sanatembenuke. Analoza chilumba cha pakona, pafupi ndi mpanda. Mkati mwake munali 3. "Akuti apa pakufunika milatho itatu, koma anzake oyandikana nacho ndi awiri okha. Wachitatu upita kuti, adadi?"

Esinala anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Elufe wa kwa ndani? Mzere uno wonse mulibe mwana wa dzina limenelo. Ndafunsa kale." Anatsitsa mawu. "Kuyambira m'mawa sanadye. Ndipo taonani m'munsi mwa diresi yakeyo."

Munali monyowa, mpaka m'mawondo. Pampopi madzi anali asanatuluke masiku atatu.

Lachitatu Esinala anamupeza kukhwawa la kuseri kwa nyumba, khwawa louma gwaa chichokereni mvula. Anaima pamphepete, nsapato m'manja, akuyang'ana tsidya. Anamubweza, anamukalipira, anamutsekera m'nyumba. Atangopita kukatola zovala pachingwe, anamupezanso komweko.

Lameki atafika madzulo, mkazi wake sanamupatse n'komwe moni.

"Bambo a Mwandida, mwabweretsa chiyani m'nyumba muno?"

"Ine? Ine ndimangolemba malangizo a masewera."

"Ndiye bwanji mwana wanga akujambula za m'buku lanu, akukana chakudya, akuti anzake akumuitana kuti akawasonyeze njira chifukwa iye ndi mwana wa wolemba? Ine sindinapite kusukulu ya madzulo, koma ndikuona. Mawa ndikupita naye kwa abusa. Akalephera abusa ndipita naye kwina, ndipo musandifunse kuti kuti."

Lameki analowa kuchipinda. Mwandida anagona chopinda miyendo, thupi lozizira ngati wachokera kosamba. Anamufunditsa bulangeti, m'mwezi umene anthu amagona panja chifukwa cha kutentha.

Lachinayi anafika ku ofesi a Kamwaza asanabwere. Anayatsa kompyuta n'kutsegula Milatho. Apa ndi pamene anakumbukira, manyazi akumugwira, kuti masewerawa anali asanawasewerepo kupitirira gawo lachitatu. Masewera makumi atatu ndi awiri, munthu mmodzi, angawamalize liti? Ankawerenga zimene opanga atumiza, n'kuzilemba m'Chichewa, basi.

Anasewera motsatira tsamba 41 mmene analilembera. Gawo loyamba linatha, kabelu kanalira. Gawo lachinayi, lachisanu, mpaka lachisanu ndi chitatu, zonse zinayenda. Litatseguka gawo 9, anachotsa dzanja pa mausi.

Linali bwalo la kunyumba kwake, monga Mwandida analijambulira. Chilumba chilichonse pamalo pake. Pakona yakumanja, 3.

Anafukula m'kabati buku lakale la masamba 96, n'kuika masamba awiriwo pamodzi. Anatsata ndi chala mzere ndi mzere. Pansi penipeni pa tsamba lakale panali chiganizo chimene m'latsopano munalibe: *Pakati pa zilumba ziwiri mutha kumanga milatho iwiri, kuti mumange wachiwiri, kanikizani batani la kumanja la mausi.* Anakumbukira tsiku limene anachidula. Chinkasefukira pa tsamba lotsatira, ndipo iye ankafuna kusunga pepala limodzi.

A Kamwaza atalowa, Lameki anali ataimirira kale ndi mabuku onse awiri.

"Bwana, tsamba 41 lili ndi vuto. Ndinadula lamulo. Popanda lamuloli gawo 9 silingatheke. Tisindikizenso."

"Tisindikizenso mabuku mazana awiri chifukwa cha mzere umodzi?"

"Tsamba lokhalo, bwana."

"Teremu ya mawa. Ika m'ndandanda wa zokonza."

"Ndandanda umenewo uli ndi zinthu makumi anayi, palibe ngakhale chimodzi chakonzedwa!"

"Ndiye chikhala cha makumi anayi ndi chimodzi. Lameki, ndikuuze kangati? Ana sawerenga zimenezi. Mwana amangokanikiza mabatani onse mpaka china chichitike. Yadandaula ndi sukulu iti?"

"Sanalembe dzina."

"Waona?"

A Jailosi anali pakhomo, akupukuta chipewa chawo cha panjinga. Nthabwala zinali zitawathera. Anadikira kuti bwana alowe mu ofesi mwawo, kenako anakoka mpando.

"Alembi, mwati Milatho?"

"Eya."

"Masewera amenewo sukulu zina sawakonda, amati ngozizira. Ankawakonda ndi ana a ku Mwalawanjiri." Anayang'ana chipewa chawo. "Koma ine ku Mwalawanjiri sindinapiteko chichokereni Malichi. Ahedi anati ndisamavutike, chipinda cha makompyuta anachitseka. Kapepala kanu kaja sindinakatenge kumeneko. Sindinakatenge kwina kulikonse."

Lameki anali atamva za ana atatu a sukulu imeneyo amene anakokoloka ndi mtsinje wa Linthambwe mwezi umenewo pochokera kusukulu. Ofesi inatumiza kalata ya chipepeso, ndipo anaitayipa ndi iye yemwe.

"Zija zinachitika akuweruka, si choncho?"

"Anzawo anaweruka 2 koloko, anawoloka madzi ali m'akakolo. Atatuwo anatsalira. Anachokera m'chipinda cha makompyuta."

Lameki anabwerera pa kompyuta yake. Anakanikiza batani la kumanja, mlatho wachiwiri unaoneka pambali pa woyamba, wowongoka, wosavuta. Mphindi zisanu sizinathe, gawo 9 linatha, kabelu kanalira. Anakonza tsambalo m'kompyuta, anabwezeretsa mzere uja, n'kutumiza ku pulinta kuti lisindikizidwe. Pulinta inameza pepala n'kulitafuna. Anatsegula, anachotsa, anayesanso. Inatafunanso. Kachitatu magetsi anazima. Anamenya tebulo ndi chibakera mpaka a Kamwaza anasuzumira.

Komabe popita kunyumba anali ndi kachiyembekezo. Cholakwa wachipeza, wachikonza, gawo walimaliza. Mwina zatha.

Anapeza Esinala atabwerako kwa abusa, maso ofiira. Mwandida anali pamphasa, milomo youma, tsitsi lonyowa. Lameki anagwada pambali pake.

"Mayi, ndakonza. Wachitatu uja umapita pambali pa mnzake. Milatho iwiri pamodzi. Uwauze anzakowo."

Mwanayo anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Akuti iwo samva za m'kamwa. Akuti m'buku mulibe." Anatseka maso. "Akuti mawa ndipite nawo ndikawerenge ndekha."

Esinala anaphimba kukamwa ndi chitenje.

Lameki anatenga pepala loyera ndi rula. Anajambula mizere ndi pensulo kuti zilembo ziwongoke, n'kulemba tsamba 41 lonse pamanja, kuyambira mutu mpaka nambala ya tsamba pansi. Mzere wodulidwa uja anaulemba pamalo pake penipeni, osaukulitsa, osaudula mzere kunsi. Ankafuna lioneke ngati tsamba la m'buku, chifukwa ndi zimene ana aja ankadikira.

"Mawa usamusiye ngakhale kupita kubafa," anauza mkazi wake. "Umumange ndi chitenje kumsana ngati khanda."

"Inu mukupita kuti?"

"Kukapereka tsamba."

Lachisanu sanapemphe chilolezo kwa bwana. A Jailosi anamudikirira pa siteji, njinga ikulira kale, ndipo ulendo wonse wa maola awiri sananene nthabwala ngakhale imodzi. Linthambwe anamupeza ali mchenga wokhawokha, wotentha mpaka kudutsa m'nsapato. Anawoloka akukankha njinga. Sukulu inali pamtunda tsidya linalo, ndipo ana anali ataweruka kale.

Ahedi, mayi Namaona, anali mzimayi wamtali wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anawalandira pakhonde la ofesi yawo. Lameki atanena dzina lake ndi ntchito yake, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Chipindacho sititsegula, bambo. Ana amakana kuyandikirako. Mlonda anasiya ntchito."

"Panali mwana dzina lake Elufe?"

Mayi Namaona anavula magalasi. "Wakuuzani ndani?"

"Mwana wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kuno sanafikeko."

Anakhala pansi pa benchi, onse atatu. Mayiwo anafotokoza osayang'ana munthu. Anali a Sitandade 7: Elufe, Fanizo ndi Madalo. Masewera ena onse anali atawasiya, anatsala ndi Milatho, ndipo pa gawo 9 anakhalapo masabata atatu. Tsikulo kuno mvula sinagwe, inagwa kuphiri. Mayiwo anawauza 2 koloko kuti azipita. Fanizo anati, madamu tatsala pang'ono. 3 koloko anawauzanso. Anatuluka 4 koloko, atakhumudwa, gawo lisanathe. Madzi anawapeza pakati.

"Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene sindinazimitse magetsi a sola a m'chipindamo ndi kuwathamangitsa ndi ndodo."

Lameki anatulutsa mabuku awiri aja m'chikwama. Anawasonyeza mzerewo m'buku lakale, kenako malo opanda kanthu m'latsopano.

"Ndinadula ndine, madamu. Sindinasewere kuti ndione. Gawolo silikanatheka."

Mayi Namaona anawerenga mzerewo, milomo ikuyenda. Anawerenganso. Kutali kunkamveka mbuzi.

"Ndiye kuti buku lanu analitsatira bwino," anatero. "Ana ena akanangokanikiza mabatani onse. Madalo anafuna kutero tsiku lina, ndinamumva. Elufe anamumenya padzanja. Anati buku silinganame, tikulakwitsa ndife."

Lameki akanakonda amukalipire.

Mayiwo anadzuka, analowa mu ofesi, anatuluka ndi kiyi ndi kabotolo ka guluu.

Chitseko chinakana kaye, matabwa anali atafufuma. Mkati munali mozizira ngati m'mtsuko. Fumbi linali paliponse, pamatebulo, pamakompyuta, pamawindo, kupatula pa mipando itatu yokokeredwa pa kompyuta ya pakona. Mipandoyo inali yakuda ndi chinyezi. Buku linali pa tebulo, lotupa ngati lagonera pamvula, lotsegulidwa pa tsamba 41. Pensulo inali itadutsa pansi pa mzere uliwonse kambirimbiri, mpaka pepala kubooka.

A Jailosi anatsalira pakhomo. Mayi Namaona anayatsa sola, kenako kompyuta. Inatenga nthawi. Itayaka, masewera anabwerera pamene anasiyidwa: milatho yomangidwa paliponse, yolondola yonse, ndi chilumba cha pakona chili ndi milatho iwiri, nambala yake ikuphethira.

Panangotsala kukanikiza kamodzi. Dzanja la Lameki linapita lokha pa mausi.

"Ayi." Mayi Namaona anamugwira mkono. "Masabata atatu akuvutika, inu mudzawamalizire? Simunabwere kudzawasewerera. Inu ndi wolemba. Chitani zanu."

Lameki anabweza dzanja. Anapaka guluu kuseri kwa pepala lake, n'kulimata pamwamba pa tsamba lakale, akuwongola ndi chikhatho kuyambira pakati mpaka m'mbali. Ali chowerama choncho anamva ngati wina waima pafupi ndi chigongono chake, wamfupi, akusuzumira. Sanatembenuke. Ubweya wa pamkono unaimirira, ndipo fungo la matope lija linadzaza m'mphuno.

Anawerenga tsambalo mokweza, lonse, monga mphunzitsi awerengera kalasi. Atafika pa mzere uja anauwerenga pang'onopang'ono.

"Pakati pa zilumba ziwiri mutha kumanga milatho iwiri. Kuti mumange wachiwiri, kanikizani batani la kumanja la mausi." Anapuma. "Simunkalakwitsa inu. Ndinalakwitsa ndine. Mwana wangayo musiyeni, sadziwa kanthu. Tsamba ndi ili."

Anatuluka, mayi Namaona anakoka chitseko osakhoma. Anaima pakhonde atatuwo, dzuwa litapendeka, bwalo la sukulu lili mbee.

Kwa nthawi yaitali panalibe chimene chinamveka. Lameki anayamba kuganiza kuti wataya tsiku, kuti akanakhala kunyumba pafupi ndi mwana wake. Kenako mkatimo pepala linakhwatya, ngati chala chikutsata mzere. Linakhwatyanso, kubwerera poyambira. Panamveka tinong'onong'o, osati mawu oti n'kuwagwira, koma ngati ana akukangana motsitsa kuti akanikize ndani.

*Tha.*

Kabelu kanalira.

A Jailosi anavula chipewa. Mayi Namaona anatsamira khoma, dzanja pachifuwa. Mkatimo mipando inakwekwereka pa simenti, umodzi, wachiwiri, kenako wachitatu mochedwerapo. Chitseko sichinatseguke. Koma kamphepo kozizira kanawadutsa m'miyendo, kakutsika masitepe kulowera kumtsinje.

Palibe amene analowanso m'chipindamo tsikulo. Mayi Namaona anangoti, "Lolemba nditsegula mawindo," ndipo anawaperekeza mpaka pa geti.

Ali pakati pa mchenga wa Linthambwe, foni ya Lameki inalira. Anaiyang'ana kaye asanayankhe.

"Bambo a Mwandida," anali Esinala, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, "mwana wanu akuti ndimutsitse kumsana, iye si khanda. Wamaliza mbatata zonse za mawa. Akufunsa ngati mubwera ndi mango."

Lameki anakhala pansi pamchenga wotenthawo. A Jailosi anamusiya, anangoimika njinga n'kuyang'ana kuphiri.

Lolemba a Kamwaza anamukalipira chifukwa chojomba, iye anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anaika patsogolo pawo masamba khumi ndi atatu olembedwa pamanja, a sukulu zotsalazo. Anawauzanso kuti salembanso mzere wina uliwonse wa masewera amene sanawasewere mpaka kumapeto, ndipo kuti zosintha zisanu ndi zinayi zija zidikire. Bwanayo anati ntchito ichedwa. Lameki anavomera kuti ichedwadi. Pofika Lachisanu anali atapeza malo ena awiri amene anadula zosayenera kudulidwa, ndipo anali adakali pa masewera achisanu ndi chiwiri mwa makumi atatu ndi awiri.

Loweruka anabwera ndi mabuku onse awiri kunyumba, lakale ndi latsopano, n'kuwayala pa tebulo. Mwandida anali pabwalo akusewera fulaye ndi ana a mumzere, akukuwa kuposa onse. Za Elufe atamufunsa mayi ake, anangoti wapita kwawo. Atatopa analowa thukuta lili kamukamu, anamwa madzi, n'kudzakhazika chibwano pa mapepala.

"Adadi, simunandiuze."

"Chiyani, mayi?"

"Zimene mumalembazi. Amawerenga ndani?"

Lameki anaika pensulo pansi, anamunyamula n'kumukhazika pamwendo.

"Amawerenga ana amene amakhulupirira kuti buku silinganame. Atatu ndikuwadziwa mayina: Elufe, Fanizo ndi Madalo. Enawo sindinawaone, koma alipo, ndipo amatsata mzere uliwonse ndi chala."